Mpando Umodzi pa Ndege ya Lachisanu

Alamu, 07:42
mwafika pa bwalo la ndege? adokotala afunsanso za magazi

Ine, 07:44
tafika kalekale alamu, ine ndi amayi. ndege sinabwere kuchokera kumtundako, akuti mphepo. achemwali agona bwnj?

Alamu, 07:50
akulu anu akutayabe magazi chichitireni opareshoni ija. mwana yekha ali bho. wamkazi, koma mawu ake ngati tamulanda munda

Alamu, 07:51
magazi a mtundu wawo kuno atha. ofanana nawo ndinu nokha. musaiphonye ndegeyi pls

Ine, 07:55
vuto tili pa standby. ndi kandege kaja ka mipando 12, tikwera pokhapokha ena asabwere. sitima inachoka pachilumba dzana, ibweranso sabata yamawa

Ine, 08:20
mayi wa pa kauntala watiyeza pa sikelo, ife ndi zikwama zomwe. amayi akwiya, akuti ine si mbuzi ya pamsika

Alamu, 08:23
kkk apongozi anga. mwandiseketsa koyamba chiyambire dzulo

Ine, 08:41
amayi akufuna alankhule nanu

Ine, 08:42
voice note 0:34
Bambo, ndine. Mumuuze mwana wangayo kuti ndikubwera. Ine ndege sindinakwerepo chibadwire, koma ndikwera basi. Muzimunyowetsa milomo ndi kansalu. Ndipo musamalire pamaso pake, amachita mantha msanga ameneyo, angokula thupi.

Alamu, 08:49
ndawaikira foni kukhutu. amva. agwedeza mutu

Ine, 09:36
palibe chachitika. benchi ndi imodzi, ambiri takhala pa zikwama. wa pa kauntala akungoti dikirani, wailesi yake ikungochita phokoso

Alamu, 09:58
awalowetsanso ku theatre. andisainitsa pepala lina, sindinawerenge nkomwe

Ine, 09:59
Mulungu wanga. ndamuuza mayi wa pa kauntalayu, akuti mphepo saalamula ndi iye

Ine, 10:31
akuti yanyamuka kumeneko! mphindi 40

Ine, 10:48
alamu mwaona?

Ine, 11:07
foni yosayankhidwa

Ine, 11:16
yatera

Ine, 11:29
zavuta. woyendetsa akuti anyamula anthu 9 okha, msewu wa ndege ndi waufupi ndiye mphepo yakula. olembedwa abwera onse, ena atatu awatsitsanso. ife ndiye sakutiwerengera

Ine, 11:30
foni yosayankhidwa

Ine, 11:34
ndagwada alamu. pa simenti, pamaso pa anthu onse. ena akuyang'ana m'mafoni, wina akuti aliyense ali ndi zake

Ine, 11:41
wapezeka mphunzitsi wina, amapita ku workshop. watipatsa mpando wake osafunsa zambiri. koma ndi umodzi

Ine, 11:42
ndikwera ine. amayi akulira koma avomera, akuti magazi ndiye ofunika. andipatsa chikwama cha zovala za mwana. tinyamuka 12

Ine, 11:44
alamu yankhani pls, ndikafikire kuti? ward yanji?

Alamu, 11:47
akwere amayi

Ine, 11:47
nanga magazi?

Alamu, 11:48
akwere amayi mlamu wanga

Ine, 11:48
alamu

Ine, 11:49
musandichite zimenezo. ndiuzeni

Alamu, 11:51
10:52. sanadzuke ku theatre. foni ndimaiona ikulira, manja amakana

Alamu, 11:51
pepani

Alamu, 11:53
mulipo?

Ine, 11:55
ndili ku toilet, ndatsegula mpopi kuti asandimve. amayi ali pakhomo akuti fulumira akusiya

Alamu, 11:55
musawauze. ndi BP yawo ija sangafike. koma abwere, ine ndekha sindingathe. mwanayu sindikudziwa ndi kagwiridwe kake

Ine, 11:56
ndiwauze chani ndiye?

Alamu, 11:56
sindkudziwa

Ine, 12:09
ndawauza kuti magazi apezeka, kwabwera munthu wachifundo, ndiye apite okha akaone mdzukulu. ndawabwezera chikwama cha mwana. alamu, amayi aimba nthungululu. akumbatira mphunzitsi uja, akumbatira ndi wa pa kauntala amene amamutukwana m'mawa

Ine, 12:10
afunsa kuti maso afiira bwanji. ndati fumbi

Ine, 12:14
akwera. pa masitepe anavula nsapato kuti angaipitse ndege ya eni ake, woyendetsa wachita kuwaveka. akhala pa windo

Ine, 12:18
yapita

Ine, 12:26
wa pa kauntala wazindikira yekha. wandipatsa madzi, wandilemba pa ndege ya lachiwiri. ndamufunsa ngati palibe ina pakatipa, akuti kampani ili ndi ndege imodzi yomweyi

Ine, 12:27
lachiwiri alamu. mudzakhala mutaika kale?

Alamu, 12:33
tidzakudikirani. ndikana aliyense

Ine, 12:35
ndikanakwera ya lachiwiri lapitali. achemwali anandiimbira kuti bwera udzandidikirire, ine nkumati ntchito yachuluka, masiku akadalipo

Alamu, 12:36
musayambe zimenezo. nanenso ndili nazo zanga

Ine, 12:40
akutseka pano. anthu onse apita, ndatsala ndi mlonda. kunyumba ndikaopa, aneba akafunsa

Alamu, 12:47
ndafika ku bwalo la ndege, pa geti yotulukira. ndasamba kumaso kawiri. ndiwauza bwanji?

Ine, 12:49
osati pamenepo. muwatengere ku galimoto, akhale pansi. mankhwala ali m'kathumba ka kutsogolo, amwe kaye

Ine, 12:50
akaone mwana kaye. amunyamule. kenako

Alamu, 12:58
yatera

Alamu, 13:04
ndawaona. andiona

Alamu, 13:04
akuseka, mlamu. akundionetsa chikwama cha mwana m'mwamba

Ine, 13:05
pitani

Ine, 13:31
mwafika kuchipatala?

Ine, 13:52
alamu?

Ine, 14:20
foni yosayankhidwa

Amayi, 14:37
akuimba foni