Dzina Limene Sindinalembe M'kope

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira unayenda bwino, ndipo chifuwa cha mwana chija chinatha. Alamu ali bwanji? Kuno matupi ali bwino. M'chipinda cha Bambo tachotsamo bedi, koma makina awo osokera akadali pakona pompaja.

Pa maliro unandiyamika pamaso pa anthu kuti ndinasamalira Bambo zaka ziwiri osadandaula. Ndinaweramitsa mutu, iwe n'kumati ndikudzichepetsa. Lero ndikuuze zoona, poti pakamwa zinandikanika.

Ukudziwa kuti ku parishi ndine mlembi wa gulu loyendera odwala. Lachinayi ndimalemba m'kope mayina a ofuna kulapa ndi kudzozedwa, ndipo Lachisanu ansembe amayenda khomo ndi khomo motsata kopelo.

Kutatsala mwezi kuti amwalire, ndikuwapukuta kumsana, Bambo anandiitana ndi dzina lawo lonyoza lija loti Sisitere. Anati ndiwalembeko m'kope langalo, komanso ndiwauze ansembe abwere atadyeratu, chifukwa machimo a zaka makumi atatu satha msanga. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya kuseka, nati sakunena zocheza, akuopa.

Lachinayi ndinatsegula kope, cholembera m'manja. M'maganizo ndinaona Amayi akutuluka pakhomo ndi chikwama chimodzi, akudwala, Bambo atawathamangitsa. Ndinakumbukira khutu lako lakumanzere limene silimva mpaka lero chifukwa cha mbama yawo. Mumtima ndinati, munthu ameneyu angopepesa mphindi khumi basi, n'kukalowa kumwamba kumene kuli Amayi? Ine wa Misa ya m'mamawa moyo wanga wonse, tidzakhale pamodzi? Ndinatseka kope.

Mawa lake galimoto ya ansembe inadutsa pakhomo pathu kupita kwa mayi wina wa matenda a shuga. Bambo anaimva. Ndinawauza kuti mayina achuluka, mwina sabata yamawa. Anati palibe kanthu, telala wadikiritsa anthu ambiri, naye adikireko.

Ndinachita zimenezi katatu, m'bale wanga. Lachisanu lachitatu anandipempha ndiwamete ndevu ndi kuwaveka shati yoyera. Ndinawameta, ndikudziwa kuti sikubwera munthu. Anakhala choyang'ana chitseko mpaka dzuwa kupendeka. Loweruka masana anatisiya.

Utachoka ndinapita ku ofesi ya ansembe, osati kokalapa, koma kungowauza. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati Mulungu samangidwa ndi kope langa. Anati munthu wouma ngati Bambo sangafune kulapa mwa iye yekha. Kufuna kumeneko kunali kale chaulere cha Mulungu, chimene chinalowa m'chipinda muja popanda galimoto yawo. Za kumene Bambo ali anati sangandilonjeze kanthu, koma ali ndi chiyembekezo.

Zimenezo sizinanditonthoze. Zinandipweteka.

Anatinso zaka ziwiri zotaya mkodzo ndi kuchapa zofunda, mphamvu yake sinali yanga, ndinachita kupatsidwa. Ine ndinkayesa ndine wabwino chifukwa cha khama langa. Nanga tsiku limene ndinatsala ndekha ndi cholembera, waona zimene ndinachita.

Atandifunsa ngati ndikumva chisoni, ndinayankha kuti masiku ena inde, koma masiku ena ndimakondwa kuti Bambo anadikirako monga Amayi anadikirira kupepesa kwawo mpaka kumwalira. Anati bola sindinaname. Anati chisoni chenicheni nachonso munthu sadzipangira, n'chaulere, ndichipemphe, ndipo chikangoyamba ndibwere, chitseko chili chotsegula.

Papita masabata asanu ndi limodzi sindinalandire Ukaristia. Ndimakhala pa benchi yakumbuyo. Kope ndinapereka kwa mphunzitsi wa kwaya, ndinamuuza kuti maso akundivuta. Ndikagwada kuti ndipemphe, mawu safika, kolona imangozungulira m'zala. Ndikuopa kufa ndili chonchi.

N'chifukwa chake ndakulembera. Ndakhala ndikukudzudzula kuti umangoponda ku tchalitchi pa ukwati ndi pa maliro. Undikhululukire. Iwe amene anakugonthetsa khutu unalira pamanda paja, ine maso gwa. Chimene unapatsidwacho ine ndilibe. Ukapeza tchalitchi chotsegula, lowamo, ngakhale popanda Misa, undipemphereko kuti ndimve chisoni. Ndekha ndalephera.

Undipatsire moni alamu ndi ana, koma kalatayi asaione. Ambuye akusunge.

Ndine mkulu wako,
amene unamuyamika pamaso pa anthu.