Mankhwala a Cornelio mu Kalavani

Mulhuddart, Dublin
16 Januwale 2011

Okondedwa achimwene a Tarsizio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Balakako, ndipo mafiriji akupitiriza kuwonongeka kuti inu mudye.

Ndiyambe ndi kuulula. Chithunzi chija ndinatumiza, ine ndi alamu anu a Cornelio titakhala pakhomo pa kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto kaja, sichinali cha holide. Ndi nyumba yathu. Ntchito za zomangamanga zitaima, alamu anu anachotsedwa, ndipo fulati ya ku Ongar tinaisiya mu Juni. Mzungu wina wa kutchalitchi anatilola kuimika kalavaniyo kumunda kwake, kopanda magetsi. Musadandaule, ntchito yanga yosamalira okalamba ikadalipo.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi insulini wawo wa shuga, amene safuna kutentha. Firiji ya gasi tinaipezamo inkameza silinda ngati thobwa. Ndinaichotsa n'kupeza kakang'ono ka kompuresa, kotsekulira pamwamba, koyendera batire. Sola kuno ndi waulesi ngati dzuwa lake, ndiye batire ndimatchaja pa galimoto popita kuntchito. Malangizo anu ndinatsata: osakagunditsa kukhoma, kudzazamo mabotolo a madzi, osatsekulatsekula.

Koma inu munandiphunzitsa kuopa kutentha kokha. Mu Disembala chipale chofewa chitakwirira mzinda wonse, galimoto inakhala masiku osayenda. Ndinaganiza mwanzeru zanga kuti dziko lonse lasanduka firiji yaulere, ndiwonongerenji batire? Ndinazimitsa firiji, mankhwala n'kuwaika m'chitini pansi pa kalavani. Anauma gwa. Tinawasungunula, a Cornelio n'kumabaya, shuga osatsika. Tsiku lachitatu sankathanso kuimirira.

Ku chipatala nesi wa ku Zambia anandifunsa kumene ndimasunga mankhwala. Nditamuuza anagwira kukamwa. “Amai, insulin ikachita freeze yafa. Masiku onsewa mwakhala muwalasa manzi chabe!”

Ndinachita manyazi, achimwene, ndipo ndinaopa kwambiri. Alamu anu atatsitsimuka anangoti, “Esnat, batire yokha ndiye unaisamala bwino.” Munthu ameneyu salephera kuseka.

Tsopano ali gwa. Firiji sindizimitsanso. Ndaikamo koyezera kuzizira, ndipo kukazizira kwambiri ndimaifunditsa bulangete lija munatipatsa pa ukwati. Safunsa anadya phula, ndiye ndikufunsani: batire yachiwiri ndiilumikize bwanji kuti ziwirizi zisadyane? Mundijambulire papepala. Nyengo yozizirayi tiimaliza, ndipo nyumba tidzaipezanso.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi ndamva anapachika chithunzi chija pabalaza, ndipo amauza alendo kuti mwana wawo amapita kokapuma ngati azungu. Musachichotse. Mungowauza kuti mkamwini wawo ali moyo ndipo akudya bwino, pakuti chimenecho chokha ndiye choona.

Ine mlongo wanu,
Esnat