Adada ndi Kompyuta Yosazima

Amayi, kaya kukucha bwanji kumene muliko?

Kuno kwatentha, fumbi lili mbuu tawuni yonse, ndipo ine thupi likukana kukhazikika. Ndikakhala pansi kuti ndilembe, ndimva ngati ndasiya china pamoto. Ndikathamangira kukhitchini, ndipeza mbaula ili zii. Munkanena kuti ndinabadwa ndi linthumbu m'chitenje, ndiye kalatayi ikamadumphadumpha musadabwe, ndi mwana wanu yemwe uja.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa mlongo wanga Vitumbiko wabereka mwana wamkazi ku Joni. Pachithunzi chimene anatumiza pafoni, mphumi ndi wanu weniweni, ngakhale abale a mkaziyo akukakamira kuti ndi wa kwawo. Chimanga cha m'munda wanu wa ku Champhira tinatonola, ndipo chinachita bwino kuposa mmene munkadandaulira, koma anankafumbwe alowa kale m'matumba apansi. Nkhuku zinatha ndi chitopa. Watsala ndi tambala wolusa uja amene ankakujomphani zidendene, poti zoipa sizifa msanga. Zovala zanu amayi aang'ono anapita nazo ku Ntcheu, ndipo panalibe mkangano kupatula pa nsapato zofiira zija.

Koma si zimenezi zandigwiritsa cholembera. Nkhani ndi adada.

Tsiku logawa katundu wanu, kompyuta palibe anaifuna. Ndikunena chibokosi choyera chija, chimene anakupatsani ku ofesi popuma ntchito yotayipa atagula zatsopano, ndi galasi lake lamimba, ndi timadisiki tamakona anayi. Amalume anati tikataye. Adada anangoika dzanja pamwamba pake, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinu amene munawaphunzitsa kasewero kaja atadwala sitiroko, kuti zala zizolowerenso ntchito: kamunthu kobiriwira kothamangitsa timadontho n'kutitsekera m'kabokosi. Iwo, poti moyo wonse anagwira ntchito ya ng'ombe kudibi, amati akulowetsa ng'ombe m'khola. Mutu wawo wapitirira kutaya zinthu chichokereni inu. Dzina langa tsiku lina amalipeza, tsiku lina ayi. Koma ng'ombe zawozo sanaiwale.

Miyezi yozizira ija zinkayenda. Ine ndinali pakhomo, poyamba chifukwa cha maliro, kenako tchuthi cha sukulu. Adada akamwa phala ankakhala pakompyuta mpaka masana. Inkazima yokha kawirikawiri monga mwa khalidwe lake, iwo n'kuitana, ine n'kubwera kudzayatsa, n'kukhala nawo kudikira kuti ikukute kaye mano mpaka kamunthu katulukire. Zinkanditopetsa, ndisaname. Koma munthu anali pakhomo, ali phee.

Sabata imene sukulu inatsegulira, kompyuta inazima osadzukanso. Linangomveka fungo la waya wopsa. Mawa lake pobwera kophunzitsa ndinapeza khomo lili pululu, chipewa chawo palibe. Ndinakawapeza pageti pa ofesi yanu yakale, ataima mwaulemu, akuti akudikira NyaPhiri aweruke. Zaka zonsezi analephera kukuitanani kuti Naphiri ngati anthu a kwanu. Ulendo wina anabwera nawo ndi wakabaza amene anawapeza pamsewu wa ku Manyamula, mapazi atatupa. Ndikawakhomera chitseko amalira. Ndinalemba mtsikana wantchito, koma adada amamuyesa mlendo, amamupatsa moni bwinobwino n'kutenga chipewa. Kusukulu ndimalemba pabolodi khutu lili kumsewu, mwana akagwetsa rula ndimatembenukira kukhomo.

Mbiri inafika ku Edingeni, ndipo ankhazi, mlongo wawo wa adada, anatulukira osatumiza mawu. Inu ndi iwo munkapatsana moni wautali kuti musapeze mpata wokambirana kanthu, ndikukumbuka. Anakhala pamkeka, anamwa madzi, n'kuyamba.

"Tiwonge, mwana wane, ise sitikulanda munthu yayi. Kweni munthu uyu ngwithu, ndi magazi athu. Mawa akagundidwa ndi galimoto, mbwenu tidzauza anthu chiyani? Mwezi ukatha tikumutenga."

Mukudziwa kuti kuno mawu a kuchimuna akagwa, agwa. Ndinagwada, ndinati ndapota, ndipatseni mwezi womwewo ndikonze kompyuta, akhazikika ngati kale. Amayi, inu mwapita. Vitu ali ku Joni. Adada akachoka, pakhomo pano nditsala ndi tambala.

Ndinasenza chibokosicho mpaka kumsika kwa a Jafali, aja ogulitsa mafoni ndi mawailesi kuseri kwa ansalu. Atachitsegula anasekerera ngati aona mnzawo wa paubwana.

"Aphunzitsi, izi ndiye zinali kompyuta, osati timapepala ta masiku anoti. Chapsa ndi chogawa magetsi, nako kowerengera disiki katopa. Tipeza zake zenizeni, Inshallah. Munthu wamkulu musamamusinthire chinthu."

Vitu pafoni anali ndi zake.

"Asisi, mukuvutikiranji ndi zitsulo zakufa? Pali pulogalamu imene imachititsa laputopu kudziyesa kompyuta yakale. Sewerolo ndalipeza kale, mtundu womwewo, kulira komweko. Ndipo iyi siizima."

Ndinamvera onse awiri, ndikudziwa bwino kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Laputopu inabwera ndi amatransipota a ku Joni, itakulungidwa m'zofunda za anthu ena. Sewero linalidi lomwelo, dontho ndi dontho. Adada anaiyang'ana, anaitembenuza, n'kundibwezera ngati ndawapatsa mbale yopanda kanthu. Zala zawo zinkafuna mabatani ataliatali aja olira kuti kha kha. Zitsulo za a Jafali nazo zinafika kuchokera ku Lilongwe, zomasulidwa m'kompyuta ina yakufa. Makina anadzuka, tinaomba m'manja, kamunthu kanatulukira, adada anaseka. Madzulo ake utsi. A Jafali anapukusa mutu, akuti tsopano chapsa ndi mtima weniweni wa makinawo, ndipo sakudziwa kumene angapeze wina.

Ndiye tinachita chinyengo, Amayi. A Jafali, monyinyirika, anachotsa matumbo onse m'chibokosi chanu n'kugonekamo laputopu ya Vitu. Anaichotsa batire kuti iziyaka ndi kuzima ndi magetsi a pakhoma. Analumikiza galasi lanu lakale ndi mabatani anu akale ndi timawaya tapakati. Kunja ndi kompyuta yanu, ngakhale kansalu koluka kaja kali pamwamba pomwepo. M'kati ndi ya ku Joni. Chikomekome cha mkuyu, munkatero mukaona mnyamata wondifunsira atatchena mopyola muyeso. Vitu anandiuza pafoni mabatani oti ndidine kuti izichedwa kudzuka komanso kukukuta ngati yakale, ndipo inakukutadi. Ndinaimbira ankhazi monyadira kuti asavutike ndi ulendo.

Lolemba ndinawayatsira, anakhala pansi, zala zinagwira. Ndinapita kusukulu ndikuimba nyimbo. Masana ndinakawapeza pageti pa ofesi. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinakwiya. Ndinakwiyira a Jafali, Vitu, adada, ngakhale inu amene, chifukwa munachoka osandisiyira malangizo. Ndinaimbanso kwa Vitu kuti mwina mtundu wobiriwirawo wasiyana, mwina kulirako kwachepa. Tinasintha izi ndi izo mpaka foni kutentha khutu. Sizinathandize.

Loweruka ndinali kuseri ndikuchapa pamene ndinamva mawu awo.

"NyaPhiri! Yazima!"

Ndinadabwa, popeza magetsi analipo ndipo Vitu analumbira kuti siizima. Ndinalowa ndi thovu m'manja, ndinapeza waya wazuka pakhoma. Ndinabwezera, ndinakhala pampando wanu kudikira kuti idzuke, n'kubwerera kochapa. Ndisanatsukuluze n'komwe anaitananso. Waya wazukanso. Nditabwezera ndinatuluka, koma ndinakaima pazenera. Ndinawaona ndi maso angawa. Anasewera pang'ono, anayang'ana kukhomo, anawerama ndi dzanja lawo labwino lija n'kuzula waya, n'kukhala mowongoka ngati mwana amene wadya shuga.

Ndinalowa ndisanaitanidwe. Ndinati, "Adada, mwazimitsa ndinu."

Anandiyang'ana ndi maso odziwa munthu, amene sindinawaone chiyambire maliro anu.

"Tiwonge." Dzina langa analipeza. "Iyi njinyake, si ija yayi, nkhumanya. Ya amama ŵako inkatopa, mbwenu iwo ankabwera. Iyi siitopa yayi. Khala pasi."

Ndinakhala. Wayawo sitinaubwezere. Anandiuza za ng'ombe ina yamakani imene inawagwetsera m'dibi ali mnyamata, anaibwereza nkhaniyo, ndipo ndinaseka ulendo uliwonse. Zovala zinauma ndi sopo wake m'beseni.

Amayi, kompyuta inafa sabata imene ine ndinabwerera kuntchito, ndipo ine ndinanamizira kompyuta. Mwezi wathunthu ndathamanga pakati pa a Jafali ndi Vitu, uyu akuti yeniyeni, uyo akuti yotsanzira, pamene chimene chinkawakhazika adada ndi munthu wobwera ikazima. Tsopano ndikukumbuka kuti Vitu ankafuna kukugulirani yatsopano kalekale, inu n'kukana kuti isiyeni, ili bwino momwemo. Ndinkati ndi makani anu. Munkadziwa, ndipo simunatiuze, kapena munkaona kuti ndi zosachita kuuza munthu.

Ndinavutika nazo maganizo Lamulungu lonse, ulaliki sindinaumve. Ntchito sindingasiye, tidya chiyani? Mlendo samufuna. Ku Edingeni kuli ankhazi, kuli akulu awo, kuli anzawo amene anaweta nawo ng'ombe, ndipo mayina a anthu amenewo ndi amene mutu wawo sunataye. Kumeneko munthu akaitana, wina amayankha nthawi iliyonse. Ndinkafuna akhale kuno chifukwa ine ndikuopa nyumba yopanda munthu. Ndinatenga foni, ndinaika pansi, ndinasesa pabwalo posesa kale, ndinaitenganso. Ndinaimbira ankhazi kuti abwere.

Abwera m'mawa uno ndi galimoto ya mwana wawo. Ndawaonetsa zonse. Ndati akaitana musafunse kuti wazula ndani, bwezerani waya, khalani pansi mpaka kamunthu katulukire, ndipo musafulumire kunyamuka. Ndawauzanso chimene a Jafali anandichenjeza, kuti galasi lakaleli limadya magetsi, ndiye batire ya sola ya kwawo izitha msanga. Ankhazi anaseka.

"Ikatha tizicheza. Kukhala pasi ndiko timamanya ise. Yewo chomene, mwana wane, wachita za munthu wamkulu."

Sindinamve ngati munthu wamkulu. Ndinamva ngati ndikugawanso katundu wa maliro.

Adada anakana kuti chibokosi chikwere kumbuyo ndi matumba. Anachifungata pamiyendo, kansalu kanu kali pamwamba. Ndinawagwira dzanja pazenera la galimoto, ndikuganiza kuti lero sakundidziwa, chifukwa chidzukireni sanatchule dzina langa. Galimoto italira anatembenuka.

"Ubwere, Tiwonge. Izazima."

Ndinaima pamsewu mpaka fumbi linatera. Kuyambira pamenepo ndikungozungulira m'nyumba. Patebulo pamene panali kompyuta patsala malo oyera, ndalephera kupukuta fumbi lozungulira. Ndaphika chakudya cha anthu awiri mosadziwa. Khutu langa likadali kumsewu, ngakhale palibenso woti asochere.

Lachisanu ndikangoweruka ndikwera galimoto ya ku Edingeni, ndipo ndizitero sabata iliyonse, kaya kugwe mvula msewu n'kuoneka ngati dimba. Ichi ndakulonjezani. Koma nanenso ndili ndi pempho langa. Adada azikuitananibe dzina lanu kumeneko, ndikudziwa, ndipo inu simunazolowere kuwasiya aitane kawiri. Mukawamva, Amayi, musayankhe msanga. Ndilipo ine, ndiziyankha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiwonge