Mafuta a M'chipinda Changa

Lolemba, pa 3 Juni
Anditulutsa m'chipinda changa. Ati timatabwa tapansi tauma, tikufunika mafuta. Tauma lero? Timatabwa timeneti anayala ndi malemu amuna anga, kamodzikamodzi, mpaka mawondo kutupa, ndipo palibe anatidandaulapo. Bedi langa alikokera m'kachipinda kosungira katundu, pakati pa masutikesi ndi njinga yakufa. Mwana wanga wamwamuna akuti, "Masiku ochepa chabe, amayi." Poyankhula maso ali kudenga. Ameneyu ndinabereka ndine, akamabisa kanthu ndimadziwa.

Lachitatu, pa 5 Juni
Mmisiri wabwera ndi chimakina chopalira. Fumbi nyumba yonse, mpaka m'tiyi. Wandionetsa: wadontheza madzi pansi, thabwa lamwa pomwepo, kusiya banga lakuda. Ati likakhuta mafuta, dontho limangoima ngati mkanda. Chabwino. Nanga pabalaza, pamene timaponda tonse, bwanji osayambira pamenepo? Wangoti, "Ine ndimagwira pomwe andilozera, mayi." Mpongozi wanga ndamupeza akuyeza khoma ndi tepi. Atandiona, tepi m'thumba. Zaka zonsezi m'banja opanda mwana, nyumba yaikulu chonchi, koma akusowabe malo mpaka kusirira changa. Pali kanthu.

Lachisanu, pa 7 Juni
Mafuta oyamba. Wayambira pakona ya kuwindo, chobwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, kenako kupukuta otsala ndi nsanza. Osapukutidwa ati amamata ngati ulimbo. Nsanzazo wazimiza m'ndowa ya madzi, ati zikaunjikana zimatha kuyaka zokha. Mwina zoona, mwina kungondiopseza kuti ndisayandikire. Mpongozi sanagwireko olo nsanza imodzi. Ati fungo likumuchititsa mseru. Fungo lake liti? Ulesi basi.
Zipsera za miyendo ya mpando wa malemu amuna anga zapalidwa zonse. Ndalirira kubafa, mpopi nditatsegula.

Lamulungu, pa 9 Juni
Mwana wanga wamkazi pafoni: bwanji ndikakhaleko kwawo pang'ono, ndikapume fumbi. Achita kumutuma. M'chipinda changa akufuna aikemo munthu wa lendi, nanga n'chiyani china. Madzulo mpongozi wandibweretsera tiyi wamkaka mpaka kubedi. Ndinatsala pang'ono kukondwa. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Lachitatu, pa 12 Juni
Masiku ochepa aja akuberekana. Mafuta achiwiri anapaka dzulo, ati aume kaye, mipando isalowe. Mmawa ndinalowamo dala, opanda nsapato, kukaima pomwe pankakhala bedi langa. Chipinda ndi changa. Potuluka, mapazi anga mbee pamafuta, kupita ndi kubwera.
Mmisiri wayang'ana pansi, wayang'ana mapazi anga. Wagwada n'kutikita pomwepo. Ati ubwino wa mafuta ndi umenewo, umakonza pokhapo pawonongeka, pamene vanishi umapala chipinda chonse. Ndamufunsa kuti bwanji sanapake vanishiyo, yowala, ya alendi. Wati, "Madamu anakana. Ati akufuna mafuta oti mwana akamakwawa n'kunyambita pansi asadwale."
Mwana wake uti?

Lachinayi, pa 13 Juni
Mseru uja. Tepi ija. Ine mayi wa ana awiri, osaona, maso ali pa bedi langa.
Ndamupanikiza mwana wanga pakhonde. Wavomera. Mkazi wake ali ndi pakati, miyezi inayi. Kawiri konse anapita padera osandiuza, ndiye amaopa kutchula msanga. Chipinda changa ndi chokhacho cholowa dzuwa la mmawa, chopanda chinyezi. Ati amafunafuna poyambira pondipempha. Ndamuuza kuti ndi wamantha ngati bambo ake. Zandiwawa ndithu, sindibisa. Ndikanapereka ndekha.

Loweruka, pa 15 Juni
M'chipinda muja sindibwereramo. Njinga yakufa aichotse, kuno andiikire katani.
Pansi paja pauma tsopano. Ndagwada ndi mawondo angawa, kusisita pansi ponse ndi chikhatho, thabwa ndi thabwa, kufuna zobaya. Pafupi ndi chitseko kathabwa kamodzi kakugwedera, m'mphepete mwake mwakuthwa. Mmisiri uja amati wamaliza. Wamaliza chiyani? Ndadonthezanso madzi pakona ya kuwindo, dontho silinaime bwino. Ndikumukayikira ameneyu kuti mafuta amasungunula. Lolemba andipeza nditakhala pakhomo, ndipo chitini cha mafutacho atsegule ndikuona.