Mchere wa Amayi pa Galimoto ya Bambo

Murakami,
18 Novembala 2018

Okondedwa achimwene Mitsuru,

Ndikhulupirira muli bwino ku Sao Paulo pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwayamba kuzizira, anthu apachika kale nsomba m'makonde kuti ziume, ndipo bondo la amayi layambanso zake zija. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, komanso amayi amamva zonse ngakhale amati makutu anawathera.

Nkhani ndi ya galimoto ya bambo. Maliro atatha munandisiyira makiyi, n'kundiuza kuti ndiisamale mpaka mudzabwere kudzawayendetsa amayi pa mwambo wokumbukira bambo mu Malichi akubwerayu. Ndinkaganiza kuti ndikuisamala. Mwezi watha ndinapeza kapeti ya kumapazi kwa amayi itanyowa, choncho ndinapita nayo kwa a Kuramochi, makaniko aja ankakangana ndi bambo za nyambo yabwino yophera nsomba.

Anachotsa zopukutira galasi, n'kumasula chitsulo cha timabowo chija chili pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo. Ine sindinkadziwa kuti pansi pake pali mphako yolandira madzi a mvula, ndi timipata towatulutsira m'mbali. Anaunikamo ndi tochi, analowetsamo kagalasi, kenako anabaya ndi sikuludiraiva. Inangolowa ngati mu mbatata yophika.

"Iwe Tokiko, galimotoyi umakaisambitsa m'nyanja?" anandifunsa.

"Imagona m'galaja, inunso mukudziwa."

Anapala zoyerayera zimene zinatseka timipata tija, analawa, n'kulavula. "Uwu ndi mchere wa kukhitchini. Amathiramo ndani?"

Achimwene, apa ndiye ndiulule. Mukukumbuka tsiku limene tinabwera ndi mafupa a bambo kuchokera kotenthera mitembo, mmene tinawazirana mchere pakhomo kuti tidziyeretse tisanalowe m'nyumba? Inu mutalowa, amayi anati galimotonso yachokera ku maliro, nayonso iyeretsedwe. Sanawaze pa matayala ngati mmene ena amachitira. Anathira m'timabowo tija, akuti ndi mphuno zake, ndimo imapumira. Kuyambira pamenepo, pa 17 mwezi uliwonse, deti limene bambo anamwalira, tikabwera kumanda, amathiramo dzanja lodzaza. Mbale ya mchereyo ndimawagwirira ndine. Ndinkaona nkhope yawo ikumasuka akatero, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti mcherewo ukupita kuti. Ine wophunzira uja mumati ndimadziwa zonse, ndagwira mbale imeneyo zaka zoposa zisanu.

A Kuramochi ayesetsa milungu iwiri, musawaimbe mlandu. Anapala ndi burashi ya waya, anapaka mankhwala odetsa dzimbiri kuti lisapitirire, anadula pobooka kuti awotchererepo chitsulo chatsopano. Koma akayatsa moto m'mphepete munkangonyenyeka, popeza panalibe chitsulo chamoyo choti chigwire. Atatsatira anapeza kuti dzimbiri lakwera mpaka mu mzati wogwira galasi ndi chitseko cha mbali ya amayi.

"Ndikhoza kumata n'kupenta, iwale ngati mkwatibwi," anatero, "koma mkazi wa mnzanga sindingamulole kukweramo. Abambo ako angandizukire."

Ine ndi a Kuramochi tinagwirizana kuti amayi tiwabisire. Koma mukuwadziwa amayi anu. Lachinayi anawaumbira a Kuramochi timibulu ta mpunga, akuti munthu sangagwire ntchito pa galimoto ya amuna awo ndi njala, ndipo anaumirira kuti akapereke okha. Tinaipeza ili yasaa, galasi lili pambali pa bulangeti.

"Kalanga ine! Chaidya chonchi n'chiyani?" anafunsa amayi.

"Mphepo ya kunyanja, mayi," anatero a Kuramochi, maso ali pa nsapato zawo. "Galimoto zakale zonse zimatha chonchi kuno."

Amayi anaweramira m'mphako muja nthawi yaitali. Anapisamo chala, anachiyang'ana, n'kuchipukuta pa mpango. Anathokoza a Kuramochi mwaulemu, anawakumbutsanso kuti adye mpunga usanaume. Tinabwerera pa basi. Tikuvula nsapato pakhomo ndi pamene anati, "Kuramochi uja bodza salitha, chiyambire ali mnyamata. Galimoto yake ija ndi yakale kuposa yathu, ndipo imagona panja, koma ilibe dzimbiri."

Ndinati cholakwa ndi changa, ndine ndinayenera kudziwa. Anangondisisita pamkono ngati wodwala ndine. Mtima wanga unasweka, achimwene, ndipo sunabwerere m'malo mpaka lero.

Dzulo linali 17. Ndinagula maluwa, ndinaitana takisi, ndinawatulutsira chikhoto chawo. Anakhala pampando atavala kale, chikwama chili pamiyendo, takisi ikudikira panja.

"Pita wekha," anatero. "Ine ndikawauza chiyani bambo ako?"

Aka n'koyamba kujomba chimwalirire bambo. Ndinapita ndekha, ndinatsuka mwala wa pamanda, n'kuikapo maluwa aja.

Ndikudziwa kuti mukwiya, ndipo muli ndi chifukwa. Galimoto ija munaphunziriramo kuyendetsa, bambo akukukalipirani njira yonse ya kudoko. Kwiyirani ine, mundilembere zonse zimene zili kukhosi, ndizilandira. Koma mukaimba foni Lamlungu, chonde mawu anu asasinthe kwa amayi. A Kuramochi akuti aisunga mofunditsa mpaka mudzaione nokha, sachotsapo kanthu.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo muwauze ana kuti zithunzi zawo zinafika. Azakhali a Fusae akuti moni. Amayinso akupereka moni wambiri. Andipeza ndikulemba, aima pakhomo, ndipo andiuza kuti ndikufunseni ngati mudzabwerabe mu Malichi ngakhale kulibe choti mudzayendetse. Ndawauza kuti mudzabwera. Chonde, achimwene, auzeni ndi pakamwa panu.

Ine mlongo wanu,
Tokiko