Chiguduli pansi pa kilachi

Lachinayi, Okutobala 1953, ku Balaka

Lero mtima wakhala m'malo. Dzulo sindinadye n'komwe.

Kagalimoto ka bwana kokalamba kaja, kofiira, ka mipando iwiri, kanayamba kukana magiya tikuchokera ku Ulongwe. Ndikaponda kilachi, giya imangokukuta mano, osalowa. Bwana anandiyang'ana cham'mbali. "Yohane, wapha giyabokosi." Zitsulo zake mpaka zichokere ku Mangalande pa sitima yapamadzi! Ndinaona udalaivala ukundithera, pamene kwathu ku Utale nkhokwe yayamba kale kupepuka.

M'mawa ndinaitana Che Saidi, makaniko wa pafupi ndi siteshoni. Injini ili chete, magiya onse analowa bwinobwino. Atailiza, anakananso.

"Bokosi lilibe mlandu, achimwene," anatero. "Kilachi ndiyo sikulekanitsa. Taipondani."

Ndinaponda. Iwo anagwada, kusuzumira kumapazi kwanga, n'kuyamba kuseka. Anasolola chiguduli chopindapinda. A Likaka, akhukhi athu, ndiwo anatseka nacho mipata ya matabwa apansi m'kagalimotomo dona atadandaula za fumbi. Ndi mabampu a mumsewu chinasendera pansi pa chopondera, ndiye kilachi simafika pansi.

Titachichotsa, giya inangolowa myaa!

Bwana ndangowauza kuti kagalimoto kachira. Kupepesa iyayi, angoti, "Chabwino." A Likaka ndi munthu wamkulu, akulera zidzukulu, dzina lawo sindinalitchule. Chiguduli ndabisa kuseri kwa galaja.

Koma Lamulungu dona akwera popita kutchalitchi atavala zoyera, ndipo fumbi lija likayambanso kulowa...