Munda wa pa Chithunzi Chija Kulibe

Kepitauni,
14 Ogasiti 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikupereka moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Kodi muli bwanji? Mawondo aja akukulolani kufika kutchalitchi masiku ano, kapena mukumapempherera pakhonde? Nanga maso aja? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima wokha ndiwo sukundipatsa mtendere, n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba. Foni ndilibe, inafera m'madzi mwezi wathawu mvula italowa m'nyumba. Kalatayi ndapatsira a Reinford a ku Madisi, amene takhala nawo limodzi kuno. Iwo atopa, akubwerera kumudzi, ndipo alonjeza kuti atsikira pa Mponela n'kudzakupatsani pamanja.

A Reinford omwewo ndi amene andiuza nkhani imene yandidetsa nkhawayi. Akazi awo anakumana ndi mlamu Manesi pamsika wa Mponela, misozi ili m'maso. Akuti mwamuna wake, mng'ono wanga Felton, chaka chino safesa fodya. Mabedi a nazale sanakonze, mapesi ootchera pamabediwo sanatute, ndipo ng'ombe imodzi ya pangolo waiitanira kale ogula kuti apeze poyambira ulendo wobwera kuno. Akuti akunena kuti watopa n'kusenza makeni kudambo, pamene mkulu wake ali ndi munda m'mbali mwa nyanja yamchere, wothirira ndi paipi, osadikira mvula.

Amayi, munda umenewo kulibe. Ndinanama ndine.

Mukukumbukira chithunzi chimene ndinatumiza mu Januwale, nditaima pakati pa chimanga chobiriwira, kumbuyo kwanga kukuoneka nyanja. Ndinati ndapeza malo anga. Zoona zake n'zakuti pamenepo panali kuseri kwa nyumba ya abwana amene ndinkawagwirira ntchito ya m'maluwa. Ntchito yake inali yothirira udzu. Musaseke, Amayi. Udzu umene kwathu timalimbana nawo ndi khasu, kuno amauthira feteleza, n'kuuthirira m'mawa uliwonse, kenaka n'kumaumeta ngati mutu wa mwana wasukulu. Palibe mbuzi yoti iudye, ndi woti anthu azingouyang'ana basi.

Mu Novembala abwanawo ndi akazi awo anapita kunja kukaona mwana wawo, n'kundisiyira kiyi wa pageti. Ine tsiku lililonse ndinkayang'ana nthaka yakuda ija, madzi ali mbwee, popanda chodyedwa ngakhale chimodzi, mtima n'kumandipweteka. Mwana wa mlimi angapirire zimenezo mpaka liti? Ndinakumbukira mbewu ya chimanga chamakolo imene munandimangira pakansalu tsiku limene ndinkanyamuka. Ndinatenga khasu, n'kusenda udzu wa pakona imodzi, n'kuunda mizere isanu ndi itatu, yowongoka monga ankafunira malemu abambo. M'mphepete ndinabzalamo maungu. M'mutu mwanga ndinkati abwana akabwera adzanditamanda, ndipo ndidzawaotchera chimanga chachiwisi kuti adziwe kuti analemba munthu wa ku Dowa.

Anabwera mu Febuluwale, chimanga chitamasula. Adona atangochiona anagwira kumutu. Abwana anandifunsa kuti anandituma ndani kusandutsa bwalo lawo dimba, ndipo anati udzu umenewo anachita kugula, n'kuuyala ngati mphasa. Ndinapepesa, ndinagwada pansi, ndinapempha kuti angodikira masabata atatu kuti chikhwime. Anakana. Anandiuza kuti ndizule ndekha iwo ataima pomwepo. Ndinazula phesi limodzilimodzi, ndevu zitatuluka kale, n'kukataya m'bini. Chibadwire sindinazulepo chimanga chimene chili ndi ana, ndipo ndinalira ngati pamaliro. Nditamaliza anandilanda kiyi, ntchito n'kuthera pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimaima m'mbali mwa msewu ndi anzanga, kudikira galimoto yofuna aganyu. Ikaima timathamangira anthu makumi awiri, iyo ikufuna awiri. Sabata yabwino ndimagwira masiku awiri, sabata ina ndimangobwerera ndi njala yanga. Masiku a m'pasipoti anatha kalekale, moti ndikaona galimoto ya apolisi ndimakhota njira ngati ndaba.

Sindikunena kuti mzindawu ndi woipa maonekedwe, ayi. Ndi wokongola moti munthu ukafika umaiwala kutseka pakamwa. Phiri lake ndi lalikulu, lathyathyathya pamwamba, nyumba zake zoyera mbee, ndipo anthu amachoka kumaiko akutali kudzangogona pamchenga. Koma nyanja imeneyo ine ndinaikhudza kawiri kokha m'zaka zitatu. Madzi ake samwedwa, sathirira mbewu, ndipo amazizira mpaka m'mafupa. Kumene timakhala ife n'kutali nayo, m'tizisakasa tamalata tothithikana pamchenga, anthu anayi m'chipinda chimodzi. Ino ndi nyengo yamvula kuno, mvula yake yobwera ndi chisanu, ndipo mphasa timachita kuyala pamwamba pa makileti chifukwa pansi pali madzi. Chikomekome cha mkuyu, Amayi, m'kati muli nyerere.

Ndinakubisirani zonsezi chifukwa cha manyazi. Ndinachoka pamudzi ndikudzitama, ndiye ndinkaopa kuti anthu adzati Obadiya wapita ku Joni kukasenza umphawi wina. Ndinkaganiza kuti bodza la chithunzi silipweteka munthu. Lero ndi limeneli likufuna kuzula mng'ono wanga pakhomo panu.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Musalole Felton kunyamuka. Tumani munthu kwa atsibweni a Benjamini sabata yomweyi, muwaonetse kalatayi, abwere adzakhale naye pansi. Inu amakuyankhani, koma iwo amawaopa. Ng'ombe ija isachoke m'khola, chifukwa ng'ombe imodzi siikoka ngolo. Ndipo nazale afese mwezi wa Seputembala usanathe. Inu mukudziwa kuposa ine kuti wochedwa kufesa alibe mbande mvula ikagwa, ndipo wopanda mbande chigafa chake chimangokhala mogona nkhuku chaka chonse. Iye akachoka adzakulimirani ndani, ndi mawondo anuwo? Manesi ali ndi khanda kumsana. Ana aamuna munabereka awiri, wina anatayika kale kuno, musataye onse.

Tsopano Amayi mundikhululukire, ndikufuna ndiyankhule ndi amene akukuwerengerani kalatayi.

Felton, ndikudziwa kuti ndiwe. Chiyambire vuto la maso la Amayi, kalata iliyonse imadzera pakamwa pako, ngakhale ya kutchalitchi. Ndinadziwa zimenezi ndisanalembe liwu loyamba. Ngati pali mizere imene wadumpha, bwerera ukaiwerenge mokweza, Amayi amve zonse. Ukhoza kundikwiyira, ukhoza kunditcha wabodza pamaso pa mudzi wonse, ndavomera. Koma usati ndikukuchitira nsanje kapena ndikufuna kudya ndekha. Kuno kulibe chimene ndikudya. Ukabwera sindidzakhala ndi pokugoneka, ndipo tidzakaima tonse pamsewu kulimbirana galimoto imodzi, ana a mayi mmodzi. Makeni amene watopa nawowo ine ndimawalota. Iwe ukathirira mbewu palibe amene amabwera kudzakuuza kuti uzule. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mng'ono wanga.

M'envulopu muno mupeza kansalu kaja. M'menemo munatsala njere zochepa zimene sindinabzale. Ndazibweza, chifukwa kuno zilibe pomera. Amayi, muziike pamodzi ndi mbewu inayo.

Ndipo iwe Felton, ukamakonza mabedi, ukonze limodzi loonjezera. Limenelo ndi langa. Sindikudziwa kuti ndidzayenda bwanji, kaya pamwamba pa katundu, kaya ndi galimoto yothamangitsa anthu opanda mapepala, koma ndikufuna mvula yoyamba idzandipeze ndikuwokera pambali pako. Ndidzabwera chimanjamanja, ndipo anthu adzaseka. Aseke. Chimene sindingapirire n'chakuti tidzaphonyane panjira, ine ndikubwerera kumudzi, iwe ukubwera kuno kudzafuna munda umene kulibe.

Mundiperekere moni kwa atsibweni a Benjamini ndi akunyumba kwawo, kwa achemwali a Judith ndi alamu ku Ntchisi, ndiponso kwa azakhali. Mlamu Manesi mumuuze kuti ndapepesa chifukwa cha misozi imene ndamukhetsetsa, ndipo khanda lija, limene sindinalionepo, mundinyamulireko. Amayi a Chigwirizano akabwera kudzakuonani, muwapemphe anditchuleko dzina m'pemphero.

Tsalani ndi Mulungu, Amayi. Mukapeza wobwera kuno, musanditumizire ufa kapena mtedza. Mungomuuza mawu amodzi okha, kuti nazale wafesedwa.

Ndine mwana wanu woyamba, wamanyazi,
Obadiya